Maenje Atatu a Malemu Nengo

Ababa, lero akwana masabata atatu chikuikireni m'manda. Moyo wanu wonse munkakumbira anthu zitsime, koma tsiku lanu adzukulu anabwera anayi okha. Wachisanu ndinali ine, mwana wanu, amene sindiyenera kugwira khasu pamanda a bambo anga. Ndinaligwira. A Mkwezalamba, amene akumwa madzi anu mpaka lero, sanabwere. A Chikakuda, amene munawaphunzitsa kuyala njerwa m'chitsime, pano ali ndi kampani ndi galimoto yolembedwa dzina pachitseko, anatumiza mawu oti ali kumsonkhano. Akulu a komiti aja amene anakubwezerani envulopu yanu yofunsira ntchito, pamodzi ndi akazi awo amene munawa... Ayi. Ndilekere pomwepa, pepala lingathe ndi mayina.

Sukulu ndinalekezera panjira, mukudziwa, ndipo kalata ya kwa loya sindingaithe. Chimene ndingathe n'chimene munkachita inu wina akakulakwirani: munkamuveka ubweya ndi mchira n'kumuika m'nthano. Ndiye mverani. Komwe muliko muziyankha kuti tili tonse, ine ndizimva.

Padangokhala, kale lija nyama zitangoyamba kukhala ndi Boma ndi chidindo, panali mkulu wina dzina lake Nengo. Anali wa mphuno yaitali, makutu ngati a bulu, zikhadabo ngati makasu. Ntchito yake inali kukumba. Akakumba nyumba yapansi ankagonamo masiku ochepa, ndipo wina akabwera kudzadandaula kuti mvula ikumunyowetsa, Nengo ankangoti, "Lowani, ine ndikumba ina." Nyama zambiri za m'dzikomo zinkagona m'maenje ake, ndipo panalibe ndi imodzi yomwe imene anaipempha pepala.

Pokumba ankayimba nyimbo imodzi yokha. Inali yaifupi, yonyoza nthaka monga mmene munthu amanyozera msuweni wake. Ankaiuza kuti ndi yaliuma, yaumbombo, yobisa madzi, koma iye ayipeza basi. Pothera pa mzere uliwonse ankapemerera mphuno kawiri, dothi n'kuuluka.

Nengo anali ndi mwana mmodzi, Katondo, wamkulu kale, wamphamvu ngati bambo ake, koma wolemera pakamwa ndi wapafupi mtima.

Chaka china Boma linalengeza kuti likufuna wokumba chitsime chachikulu. Malamulo anali omveka. Wofuna ntchito alembe kalata, atchulemo maenje atatu amene anakumba ndi zikhadabo zake, amate envulopu n'kuiponya m'bokosi. Komiti idzatsegula bokosilo pamaso pa onse. Wosakhutira adandaule pasanathe masiku khumi ndi anayi. Akatha amenewo, nkhani yatsekedwa.

Katondo ndiye analemba kalata ya bambo ake, popeza anakhalako m'kalasi zaka ziwiri. Anatchulamo dzenje la kumsika, dzenje la kubwalo la mpira ndi dzenje la pamphambano.

Tsiku lotsegula, wapampando wa komiti, bwana Nguluwe, anawerenga kalata ya Nengo. Kenaka anawerenga ya Njiri, mlamu wake, amene anakwatira mlongo wa Nguluweyo. M'kalata ya Njiri munali maenje omwewo atatu.

"Makalata awiri, maenje amodzimodzi," anatero Nguluwe. "Wina pano wanama. Kumsika kumagona ndani?"

Njiri anagwada ndi miyendo yakutsogolo, monga amachitira akamadya ndi akamalankhula ndi akuluakulu. "Ndine, bwana."

"Kubwalo la mpira?"

"Akazi anga."

"Pamphambano?"

"Amayi anga, bwana. Mapepala ake awa, achidindo."

"Nanga inu a Nengo, pepala lanu?"

Nengo anayang'ana zikhadabo zake. "Ndinawapatsa nthawi ya mvula. Ana awo ankatsokomola."

"Ndafunsa pepala."

Kontilakiti inapita kwa Njiri. Ndipo mlembi wa Boma, Nungu, anazula munga umodzi kumsana kwake, nauviika mu inki, nalemba m'buku lalikulu kuti Nengo ananama pofuna ntchito ya Boma. Ankalemba atazyolika, chifukwa nayenso ankagona m'dzenje la Nengo.

Nengo anapita kwawo. Sanakumbenso, sanayimbenso. Tsiku lachisanu anamwalira.

Katondo anatumiza uthenga m'maenje onse. Anadikira, nadikira, kenaka anakumba yekha manda. Ali pafupi kumaliza anamva mawu kumwamba.

"Wakumba mokhota. Bambo ako akanakukoka khutu."

Anali Nangozo, msulu wokalamba, wamng'ono ngati chitsononkho, wa mano atatu ndi lilime losatopa. Ankatchula Nengo kuti achimwene, ndipo Katondo anakula akumutchula kuti azakhali.

"Azakhali, lero ayi."

"Lero eya. Konza ngodya iyo. Munthu anagona m'nyumba zowongoka moyo wake wonse, agone mokhota chifukwa cha iwe?"

Katondo anakonza ngodyayo. Anaika maliro awiriwiri. Atakwirira, Nangozo anakhala pamtumbira n'kulira mokweza ngati amayi khumi, kuti kumanda kumveke ngati kunabwera anthu. Atatha anapukuta mphuno.

"Tsopano ukupita kuti ndi nkhope imeneyo?"

"Kukagumula maenje onse. Eni ake ali momwemo."

"Chabwino. Ukagumula, buku la Boma lidzati chiyani?"

Nangozo anadziyankha yekha.

"Lidzanenabe kuti Nengo ananama. Pansi pake Nungu adzawonjezera kuti mwana wake ndi chigawenga. Ukufuna chiyani kwenikweni, Mphuno iwe? Chitsime?"

"Chitsime akumbe aliyense. Ndikufuna mawu aja achoke pa dzina la ababa."

"Ndiye kasambe m'manja. Mawa tikupita kukomiti."

Anakapeza Nguluwe akudya chinangwa pa desiki.

"Wodandaula ayenera kukhala mwini kalata," anatero.

"Amwalira," anatero Katondo.

"Ndiye kuti alibe dandaulo."

Katondo anayamba kupalasa pansi, koma Nangozo anamuponda chala. "Zikomo bwana. Alamu anu adzuka bwanji? Mukawauze kuti asamale msana, ntchito ikubwerayi ndi yolemetsa."

Kuchoka apo anapita kukhoti. Woweruza anali mayi Chipembere, wamkulu thupi, wofatsa, wa maso ofooka. Anamvetsera mpaka Katondo atamaliza kuchita chibwibwi.

"Mwana amene watenga khasu la bambo ake watenganso milandu yawo," anatero. "Ukhoza kudandaula. Koma ine sindiona patali, mwanawe. Ndimaweruza zimene zalowa m'khutu mwanga. Njiri analumbira kuti anakumba. Dzenje sililankhula. Mboni zako zili kuti?"

Katondo anayenda masiku anayi kufunafuna mboni. Wina anati akudwala chimfine, wina anati nthawi imeneyo n'kuti ali kwa apongozi, wina anangotseka pakhomo ndi dothi la m'dzenje limene anakumbiridwa. Anabwerera kwa Nangozo atsala masiku atatu.

"Palibe," anatero. "Onse ndi agalu."

"Usanyoze agalu, sanakulakwire. Mboni ilipo imodzi, ndipo sitinaipemphe."

"Ndani?"

"Njiri."

"Azakhali, mwamwa?"

"Pang'ono. Tamvera. Iwe uli wakhanda, Gwape anagwera m'dzenje la bambo ako n'kubinya mwendo. Achimwene anamubereka kumsana mpaka kwawo. Ndinawaseka, iwo anati ndi lamulo lakale: wokumba dzenje, wina akavulaliramo, amufikitse kwawo mwendo wovulalawo usanaponde pansi. Lamulolo palibe analifufuta. Tsopano Boma lanena kuti maenje ndi a Njiri. Ife ndife yani kuti titsutse Boma?"

Nangozo anayambira kwa Mbidzi.

"Odi, achimwene a mizeremizere! Kumaliro sitinakuoneni."

Mbidzi anayang'ana kumbali. "Uthenga unandipeza mochedwa, mayi."

"Unakupezani mukudya msipu, ndinakuonani. Chipepeso chanu sindikuchifuna. Ndikufuna mwendo."

"Mwendo?"

"Umodzi wokha, wakumbuyo. Mawa m'mawa ukagwere m'dzenje la kumsika."

M'mawa mwake kumsika kunamveka kubuula. Mayi Chipembere anasamutsira khoti pomwepo, chifukwa wovulala sakanatha kuyenda. Nungu anapeza lamulo lija m'buku lakale, naliwerenga mokweza.

"Dzenje ili anakumba ndani?" anafunsa woweruza.

Njiri anagwada. Anayang'ana Mbidzi, nayang'ana Nguluwe. Nguluwe anagwedeza mutu pang'ono.

"Ndine, mayi."

"Mmisiri weniweni!" anafuula Nangozo. "Savomera zokoma zokha. Onani mapewawo!"

Anamukweza Mbidzi kumsana kwa Njiri, miyendo ili lendelende. Njiri anayamba ulendo mchira uli chilili ngati mbendera, kuti anthu aone kuti si kanthu. Katondo ankatsatira kumbuyo. Sanakonze zoyimba, koma ataona dothi la bambo ake litamatirira ku ziboda za Njiri, nyimbo ija inangotuluka yokha. Ananyoza nthaka, anaitchula yaliuma, napemerera mphuno kawiri. Njiri ankapuma mogwirizana ndi nyimboyo asakufuna.

"Pang'onopang'ono, bwana kontilakita," ankatero Mbidzi. "Pewani miyala. Ndipo kwathu si uku, tinasamuka."

Anafika dzuwa litapendeka. Mchira wa Njiri unali utawerama pakati.

Madzulo asanafike, Nangozo anali kale kwa Njati.

"Ine zamasewera ayi," anatero Njati.

"Ndikudziwa, bambo. Ndinu munthu wolemekezeka. N'chifukwa chake chaka cha chilala Nengo anakukumbirani pomwera ana anu, osauza aliyense, kuti ulemu wanu usachepe. Inenso sindinauze aliyense. Mpaka pano."

Njati anapuma mwamphamvu. "Dzenje liti?"

Tsiku lachiwiri khoti linakhala kubwalo la mpira. Njati anali gone pambali pa dzenje, mwendo uli m'mwamba, nkhope yake ngati ya munthu amene akudikira basi.

"Dzenje ili anakumba ndani?"

Njiri anachedwa kugwada. Nguluwe anamunong'oneza, koma khutu la woweruza linali lakuthwa ndipo onse anamuona akulitembenuza. "Pirirani alamu. Lero ndi mawa basi, nkhani yatsekedwa."

"Ndine, mayi," anatero Njiri ndi mawu aang'ono.

Panafunika anyani asanu ndi atatu kuti amukweze Njati. Njiri anayenda ndi mawondo, mphuno ikulima pansi. Katondo anayambanso nyimbo, ndipo ulendo uno pofika popemerera mphuno, anamva ena akupemerera naye. Anacheuka. Kumbuyo kunali gulu: Nkhandwe, Kanyimbi, Nsato, onse ogona m'maenje a Nengo. Ankaidziwa nyimboyo mawu ndi mawu, popeza inayimbidwa m'nyumba zawo zisanakhale nyumba.

Katondo anaima. "Ndani wakulolani? Kumaliro munali kuti?"

Onse anabwerera m'mbuyo.

"Yenda, iwe," anatero Nangozo, atakwera pakhosi pake. "Uwakalipire mawa. Lero ndikufuna phokoso, Njiri amve kuti dziko lonse likumuonerera."

"Sindiwakhululukira."

"Ndani wakuuza kuti uwakhululukire? Ndati yimba."

Anayimba. Njiri anamutula Njati pakhomo pake, nagona pomwepo osatha kudzuka. Mchira wake unali pansi ngati chingwe.

Wachitatu anali mayi Mvuu. Nangozo anamupeza m'madzi, maso ndi makutu okha ali kunja.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera," anatero Mvuu. "Kumaliro ndinalephera chifukwa cha manyazi. Ndinamva zimene anawachita kukomiti ndipo sindinanene kanthu. Koma bodza ine sindilitha, anzanga. Ndikanama makutu amagwedera okha."

"Muwagwire ndi manja."

"Ndilibe manja."

"Ndiye mungogona pafupi ndi dzenje la pamphambano n'kutseka pakamwa. Zolankhula ndilankhula ine."

Mvuu anaganiza nthawi yaitali. Anali mayi woona mtima, ndipo nzeru imene anaipeza inali ya munthu woona mtima. M'mawa anapita pamphambano, nayang'ana dzenje, naganiza kuti akalowetsamo mwendo pang'ono, ndiye kuti pokhoti sanama. Analowetsa. Thupi lonse linatsatira mwendowo. Kunamveka kuti thyo, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka kumsika.

Nangozo anafika akuthamanga. "Eee, mayi, mwaphunzira liti? Ngakhale ine ndakhulupirira!"

"Ndi zoona!" analira Mvuu. "Wathyoka!"

"Choncho, choncho. Musasinthe."

Ili linali tsiku lomaliza la madandaulo. Khoti linakhala pamphambano, ndipo nyama zonse zinabwera. Njiri anafika akutsimphina, atamanga nsanza m'mawondo.

"Dzenje ili anakumba ndani?"

Njiri anayamba kuzungulira Mvuu kuti aone poyambira. Anatenga nthawi kuti abwerere pamene anayambira.

"Kwanu n'kuti, mayi?" anafunsa.

"Kumtsinje."

"Kumtsinje kuno kapena kuja?"

"Kuja."

"Musaope, bwana," anatero Nangozo. "Munthu amene anakumba maenje atatu otere, uyu ndi katundu? Ndipo ndamva kuti a Njovu akufuna kudzaona ntchito yanu sabata yamawa. Maso awo nawonso ayamba kufooka."

"Alamu," ananong'oneza Nguluwe, "dzuwa likangolowa..."

"Berekani inuyo!" anakuwa Njiri. Anagwada, ulendo uno mawondo atamukana okha. "Mayi woweruza, ine sindinakumbepo dzenje chibadwire! Mano awa ndi ofukulira mizu! La kumsika ndinalipeza lokumbakumba, la kubwalo la mpira chimodzimodzi, ili chimodzimodzi. Alamu anga ndiwo anati lembani, chidindo chili kwa iwo!"

"Zalowa m'khutu," anatero mayi Chipembere. "Nungu, lemba. Kontilakiti ya Njiri yathetsedwa. Nguluwe achoke pampando, ndipo nkhani yake tidzaimva payokha."

Nyama zinafuula. Nangozo anavina pamutu pa Katondo. Koma woweruza anali asanamalize.

"Chete. Mayi uyu ndamva fupa lake, wavulaladi. Njiri akuti maenje anawapeza. Mawu ake lero ndi opanda ntchito, koma dzenje silidzikumba lokha. Ndifunsanso. Dzenje ili anakumba ndani?"

Nangozo anasiya kuvina. Anatsetsereka mpaka pakhutu la Katondo.

"Ayi, ayi. Izi sindinaziganizire. Mvuu wavulaladi. Tseka pakamwa."

"Bwanji?"

"Watenga khasu la bambo ako, watenga milandu yawo, sunamve? Ukatchula Nengo, Mvuu ndi wako. Kontilakiti yagwa kale. Dzenje likhale lopanda mwini, achibale ake adzamunyamula."

"M'buku mulembedwa chiyani?"

"Kuti Njiri ananama."

"Nanga za ababa?"

Nangozo anamugwira khutu. "Zikhala mmene zilili. Tamvera, mwana wa achimwene anga. Ndaika mmodzi sabata yatha. Sindikufuna kuika wina wophwanyika ngati dzungu. Ndilibenso misozi ya amayi khumi."

Katondo anamutsitsa pansi mosamala, monga mmene munthu amatsitsira dzira. Anayang'ana gulu lonse. Aliyense ankadziwa yankho, ndipo aliyense ankayang'ana mapazi ake. Anapita kutsogolo.

"Anakumba ndi ababa," anatero, ndipo chibwibwi sichinabwere. "Nengo. Ili, la kumsika ndi la kubwalo la mpira. Ine ndinkatuta dothi. Sananame."

"Ukudziwa chimene wasenza ndi mawu amenewo?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Palibe amene angalimbirane katundu uyu chifukwa cha bodza," anatero woweruza. "Koma ndiona kaye. Umufikitse kwawo dzuwa lisanalowe, ndipo ndikhulupirira."

"Mwanawe, pepa," analira Mvuu. "Ndine wolemera. Ndinayesa kusala kudya chaka chatha."

Katondo sanamuzungulire. Anaika mphuno pansi, nanunkhiza, napalasa pang'ono, nanunkhizanso. Kenaka anatembenukira kwa mlembi. "A Nungu, lamulo likuti ndimubereke?"

Nungu anatsegula buku. "Likuti umufikitse kwawo mwendo usanaponde pansi."

Katondo anatembenuka n'kuyamba kuthamanga.

"Wathawa," anatero Nguluwe.

"Inu khalani chete, mulibe mpando," anatero Nangozo, koma nayenso ankasuzumira kumene Katondo analowera.

Anadikira. Dzuwa linafika pamutu. Kenaka khutu la mayi Chipembere linatembenukira kumtsinje.

"Wina akunyoza nthaka," anatero.

Patapita nthawi onse anaimva. Nyimbo ija inkabwera chapansipansi, ndipo pothera pa mzere uliwonse dothi linkauluka kawiri. Katondo ankakumba ngalande kuchokera kumtsinje, yotakata mokwanira mvuu, madzi akumutsatira kumchira. Koma dothi linkagumukira m'mbuyo mwake, ndipo ankabwerera kukalichotsa, dzuwa likupendeka.

Nungu anatseka buku, nalipereka kwa woweruza kuti amugwirire, napita. Nkhandwe anatsatira, kenaka Kanyimbi. Mbidzi ndi Njati anaiwala kutsimphina. Anafika n'kuyamba kukankha dothi m'mbali. Katondo anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Sanawathokoze, komanso sanawathamangitse. Anangoti, "Osaponda m'mphepete, mugumula," n'kupitiriza.

Nangozo ankathamanga uku ndi uku pamwamba pa mulu. "Kumanzere! Wakhotanso! Mwana uyu adzandipha!"

Dzuwa lili pafupi kulowa, Katondo anakumba mozungulira Mvuu ndi pansi pake, natuluka msanga. Madzi analowa. Mvuu anatitimira pang'ono, kenaka anayandama. Anayang'ana uku ndi uku ngati mkwatibwi.

"Sindikuponda," anatero. "Mayi woweruza, sindikuponda!"

Katondo anamukankha ndi mphuno mpaka kumtsinje, nabwerera ali matope okhaokha.

"Ndakhulupirira," anatero mayi Chipembere. "Ntchito ya chitsime ilengezedwenso, bokosi latsopano, komiti yatsopano."

"Ilengezedwenso?" anatero Katondo. "Simundipatsa?"

"Khoti siligawa ntchito, mwanawe. Uponye kalata ngati wina aliyense. Ndipo maenje atatu aja ndi a bambo ako, wanena wekha. Iwe utchule ako. Lero uli ndi limodzi, limene wakumbira Mvuu."

"Awiri otsalawo musavutike nawo," anatero Nangozo. "Nyumba yanga ikudontha. Andikumbira ina mawa."

"Nanga lachitatu?"

"Langanso. La alendo."

"Azakhali, inu alendo amakuyenderani?"

"Akamva kuti ndili ndi nyumba ziwiri, abwera. Ndipo za ngalandezi ndinaziganiza kale, ndimangofuna ndione ngati uli ndi mutu."

Katondo sanamutsutse. Anapita kwa Nungu, amene anali atatenganso buku ndi munga watsopano.

"Ndione."

Nungu anatsegula pa tsamba lija. Anali atadula mzere pa mawu akale, ndipo pansi pake analemba kuti maenje a kumsika, kubwalo la mpira ndi pamphambano anakumba ndi malemu Nengo, ndipo ananena zoona. Katondo anawerenga chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Zinamutengera nthawi, ndipo panalibe amene anamufulumizitsa.

"Mwalemba zing'onozing'ono," anatero. "Bodza lija munalilemba zikuluzikulu."

Nungu anazula munga wonenepa kuposa yonse, nalembanso mpaka mawuwo anadzaza theka la tsamba.

"Awerengeni mokweza. Woweruza saona patali."

Nungu anawerenga, nyama zonse zili chilili.

"Bwerezani," anatero Katondo.

Anabwereza.

Nangozo anakwera pang'onopang'ono mpaka pakhosi pake, nakhala pakati pa makutu. Nthawi imeneyi sananyoze kanthu. Anangomusisita pamutu ndi kadzanja kake, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Zakwana, mwana wa achimwene. Tiye ukadye."

Nthano yafika pothera. Amene anasiya mbatata pamoto athamange, ikapserera asadzanene ine.